Mnyamata wa ku Mfuwe aphunzira kusankha mandala oonera patali

M'dera la Mfumu Kakumbi, m'boma la Mambwe, muli mudzi wina pafupi ndi gombe la mtsinje wa Luangwa. M'mudzimo mumakhala mkulu wina wa imvi amene pa unyamata wao anali mlonda wa nyama za m'thengo, nchito imene anthu a m'cigwamo amangoti ya ugemu. Mkuluyu anayenda pansi m'nkhalango ya South Luangwa zaka zambiri, mfuti iri pa phewa, mandala oonera patali ali lende pa cifuwa. Pamene anapuma pa nchito anabweza mfuti ndi mandala omwe, pakuti zonsezo zinali za Boma, ndipo anabwerera kumudzi ndi maso ao okha.

Mkuluyu ali ndi mlongo wao wamasiye, mlimi wa thonje, amene mwana wake woyamba ndi mnyamata wotsiriza Giredi 12. Mnyamatayo anapeza ganyu pa msasa wina wa alendo, yotsuka magalimoto ndi kunyamula katundu, koma mtima wake unali pa nchito yotsogolera alendo oona nyama. Nchito imeneyi ndi yolemekezeka ku Mfuwe, ndipo inayamba kale. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti amange msasa wa alendo m'dziko la mfumuyo, ndipo pambuyo pake iye yemweyo anachukitsa maulendo oona nyama poyenda pansi. Nkhalango ya South Luangwa, imene ukulu wake ndi masikweya kilomita 9,050, inakhala paki ya dziko lonse m'caka ca 1972. Lero mabanja ambiri a m'cigwamo amadyera m'nchito za alendo.

Koma munthu saloledwa kutsogolera alendo asanakhoze mayeso. Ayenera kudziwa mitengo, mapazi a nyama ndi mbalame, zimene m'nkhalangomo ziripo za mitundu yoposa 400. Tsono mbalame siyembekeza kuti munthu aisendere pafupi, ndipo njati ndi yoyenera kuizindikira ikali patali. Cifukwa cake wophunzira nchitoyi sangacite kanthu popanda mandala oonera patali, amene anzake pa msasa amawacha mabainokyula, monga momwe mlimi sangacitire kanthu popanda khasu.

NDALAMA ZA THONJE

M'mwezi wa Julaye mai a mnyamatayo anagulitsa thonje lao. Atapatula ndalama za cimanga, za sopo ndi za sukulu ya ana ang'ono, zotsalazo anazimanga pa kansalu napatsa mwana wao, nati: "Izi ndi za mandala aja unena. Koma ukauze amalume ako akuperekeze, pakuti iwo ndiwo awadziwa."

Mnyamatayo anabvomera ndi pakamwa pokha. Mumtima anati munthu wofika Giredi 12 sangalephere kuwerenga manambala olembedwa pa katundu. M'bandakuca anakwera basi yekha ulendo wa ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 100.

Kumeneko, pa khonde la sitolo ina, anapeza munthu atayala matochi, mawailesi ndi mawochi. Pakati pa katunduyo panali mandala aakulu akuda, magalasi ake a kutsogolo ali psuu ngati matimati akupsa. Pa thupi pake panalembedwa 20x50. Wogulitsayo analumbira kuti awa ndi a asilikali, ndi kuti amaonetsa ngakhale usiku. Mnyamatayo anawaloza ku phiri la Kanjala, dzuwa liri pamutu, naona miyala yasendera ngati angaikhudze. Sanafunsenso zambiri. Anamasula kansalu kaja napereka ndalama zoposa theka la zimene anapatsidwa.

Madzulo a tsiku lotsatira anapita kwa amalume ake, nkhope iri mwee.

"Mwacoma bwanji, amalume? Ndabwera nao mandala aja. Ndi amphamvu koposa a anthu onse a ku msasa."

Mkuluyo anawalandira ndi manja awiri, nawatembenuza uku ndi uku osanena kanthu. Kenaka anatenga ndodo yao nati: "Tiye ku gombe, mphwanga, dzuwa lisanalowe."

Atafika anakhala pa mcenga. Mvuu zinali kulira m'madzi, ndipo kutsidya mithunzi ya mitengo inali itatalika. Mkuluyo analoza mtengo wa mvunguti nafunsa cimene cinali pansi pake. Mnyamatayo anakweza mandala ake. Poyamba anausowa mtengowo, ndipo ataupeza unali kugwedezeka ngati uli pa bwato. Pansi pake panali mdima. Anasinzinitsa maso kwa nthawi, nati: "Ndiona ngati nswala ziwiri."

"Iri imodzi," anayankha mkuluyo. "Ine ndaiona ndi maso anga a ukalambawa."

TANTHAUZO LA MANAMBALA

Pamenepo mkuluyo anasalaza mcenga ndi dzanja nayamba kulembapo ndi ndodo. Zimene anafotokoza madzulo amenewo ndi zoyenera kuzimva munthu ali yense wofuna kugula mandala otere.

Pa mandala onse pamalembedwa manambala awiri. Yoyamba imanena kuti cinthu cidzaoneka pafupi kangati. Njobvu imene iri pa mtunda wa mamita 400, poiyang'ana ndi mandala a nambala 8 imaoneka ngati iri pa mamita 50. Ndi mandala a nambala 20 imaoneka ngati iri pa mamita 20 okha.

"Nanga si ndiye kuti a 20 ndiwo abwino, amalume?" anafunsa mnyamatayo.

Mkuluyo anapukusa mutu. Anati mandala sakulitsa njobvu yokha iai, amakulitsanso kunjenjemera kwa manja a woyang'anayo. Palibe munthu wa manja osanjenjemera, pakuti mtima umagunda ndipo cifuwa cimapuma. Pa nambala 8 kunjenjemerako sikubvuta. Pa nambala 10 munthu wozolowera amapirira. Koma kupitirira pa 12 mandala amafuna coikapo ca miyendo itatu, ndipo wotsogolera alendo m'thengo alibe nthawi yoimika cinthu cotero njati itadzuka pa udzu.

Bvuto laciwiri ndi kucepa kwa malo ooneka. Nambala yoyamba ikakula, malo amene munthu aona nthawi imodzi amapanikizika, monga wosuzumira pa bango. Mandala ambiri a 8x42 amaonetsa malo otambasuka mamita 110 kufikira 140 pa mtunda wa mamita 1,000, pamene a 20x50 kawirikawiri safika ndi pa mamita 70 omwe. Ndico cifukwa cake mnyamatayo anausowa mvunguti uja. Ngati mtengo woima usowa cotero, nanga mbalame youluka?

Tsono anafika pa nambala yaciwiri. Imeneyi ndi kukula kwa galasi la kutsogolo, poyesa m'mamilimita. Galasi limeneli ndilo khomo lolowera kuwala. Koma cofunika kudziwa ndi kuwala kumene kutuluka kumbuyo ndi kufika m'diso, ndipo kumeneku kumapezeka pogawa nambala yaciwiri ndi yoyamba. Mkuluyo analemba pa mcenga: 42 kugawa ndi 8 ipatsa 5 ndi kanthu pang'ono; 50 kugawa ndi 20 ipatsa 2 ndi theka. Kenaka anauza mnyamatayo kuti atambasule dzanja, aloze mandalawo ku thambo kumene kunalibe dzuwa, nayang'ane timagalasi ta kumbuyo. Pakati pa kali konse panaoneka kadontho ka kuwala, kocepa ngati njere ya mapira.

"Kuwala konse kumene walipirira ndi kumeneko," anatero mkuluyo.

Kamwana ka m'diso la munthu kamasintha ukulu wake. Pa dzuwa lamphamvu kamacepa kufikira mamilimita 2 kapena 3, koma mdima ukamadza kamakula kufikira mamilimita 7 mwa acinyamata, ndi pafupi 5 mwa okalamba. Masana aja ku Chipata diso la mnyamatayo linali lotsinzina, kotero kadontho kocepako kanakwanira. Madzulo diso linatseguka kufuna kuwala kwambiri, koma mandala analibe coti alipatse. Ndipo ali yense wokhala m'cigwa adziwa kuti nyama zimayenda m'mamawa ndi madzulo. Masana zimabisala pa mthunzi.

Mkuluyo anati cifukwa ca zimenezi anthu ambiri oyenda m'thengo amakonda 8x42. A 10x42 ndi abwino kwa munthu wa manja okhazikika woyang'ana pa madambo aakulu. A 7x50, amene amakondedwa ndi oyenda pa nyanja, amaonetsa bwino pa cisisira koma ndi olemera. Timandala tating'ono ta 8x25 timalowa m'thumba la malaya, koma nchito yake ndi ya masana okha.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Mnyamatayo anali asanagonje. Anati ngakhale ziri tero, magalasi ofiirawo ndi oonera usiku. Mkuluyo anaseka pang'ono namuuza kuti adziyang'anire pa galasi la kutsogolo. Mnyamatayo anaona nkhope yake yonse bwino lomwe, ngati pa kalirole.

"Kuwala kumene kwakuonetsa nkhope yako ndi kuwala kumene kwabwerera pa khomo. Sikunalowe m'kati."

Nkhani yake ndi iyi. Galasi liri lonse losapakidwa kanthu limabweza magawo pafupi 4 mwa magawo 100 a kuwala pa nkhope yake iri yonse, ndipo m'kati mwa mandala muli magalasi ambiri otsatizana. Kuwala kukamatayika pang'ono pang'ono pa galasi liri lonse, kofika m'diso kumakhala kofooka. M'caka ca 1935 katswiri wina dzina lake Alexander Smakula, wa pa kampani ya Carl Zeiss mu mzinda wa Jena ku Germany, anapeza njira yokutira magalasi ndi mankhwala opyapyala kwambiri oletsa kuwala kubwerera. Mankhwala abwino otere saonekera patali. Amangocita kamtundu kobiriwira kapena kofiirira pang'ono, ndipo munthu akadziyang'anirapo nkhope yake imaoneka mwa cizimezime. Koma utoto wofiira wonyezimira uja umabweza kuwala kofiira kunja, kotero kuti dziko limaoneka lobiriwira monyenga. Wophunzira mbalame amazizindikira ndi maanga ao, tsono mandala osintha mitundu amamphunzitsa bodza. Za kuona usiku, mandala wamba sapanga kuwala kwao iai. Amangosonkhanitsa kumene kulipo.

"Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero mkuluyo.

Kunatsala za nswala ziwiri zija. Mandala oonera patali ali ngati mipope iwiri yomangidwa pamodzi, wina wa diso lamanja, wina wa lamanzere. M'kati mwa mpope uli wonse muli tizidutswa ta galasi ta ngodya, timene nchito yake ndi kuongola cithunzi, pakuti popanda ito zinthu zikanaoneka cadodolido. Nzeru imeneyi anaitulukira Ignazio Porro wa ku Italy m'caka ca 1854, ndipo a Zeiss anayamba kugulitsa mandala opangidwa motero m'caka ca 1894. Tizidutswato tikasendera pang'ono pokha, kaya cifukwa ca kugwa kaya ca kupangidwa mosasamala, mipope iwiriyo imaloza kosiyana. Maso amayesetsa kulumikiza zithunzi ziwirizo, ndipo posacedwa mutu umayamba kuwawa. Cirema cimeneci ndico coipa koposa zonse, ndipo sicikonzeka pamudzi.

Mnyamatayo anabvomera kuti mutu unali utayamba kale kumuwawa.

M'mawa mwake anabwereka ndalama za basi nabwerera ku Chipata kuti akabweze katunduyo. Pa khonde paja anapeza mai wina akugulitsa nthoci. Palibe amene anadziwa kumene munthu wa matochi uja analowera. Pofika kunyumba usiku anafotokozera mai ake zonse, maso ali pansi. Maiwo sanakalipe. Anakhala cete akusonkheza moto, ndipo pambuyo pake anangoti: "Thonje lija ndinatola ndekha, mwananga." Mau amenewa anamlasa mnyamatayo koposa ndodo.

MANDALA AKALE

M'mwezi wa Sepitembala kunamveka kuti mmodzi wa otsogolera alendo akale pa msasa paja wapeza mandala atsopano ndipo afuna kugulitsa ake oyamba. Mnyamatayo atawaona mtima unagwa. Anali osuluka, mphira wake utayamba kusupuka m'mbali, manambala 8x42 akuoneka mobvutikira. Koma ulendo uno sanadzidalire. Anapita kwa amalume ake, nakhala pansi, nati: "Amalume, ndinalakwa poyamba paja. Tiyeni mukandionere."

Cinthu coyamba cimene mkuluyo anacita ndi kupempha mwini mandalawo kuti awabwereke kufikira dzuwa litalowa. Mwiniyo anabvomera msanga. Ali pa njira mkuluyo anati cimeneco ndi cizindikiro cabwino, pakuti wogulitsa wokana kuti katundu wake ayesedwe ali ndi cimene abisa.

Atakhala pa mthunzi anawagwedeza pafupi ndi khutu. Simunamveke kanthu kogubuduka. Kenaka anawatembenuza nasuzumira ca ku magalasi aakulu, ataloza mbali inayo kowala. Anati poyang'ana cotero munthu amaona za m'kati. Tifumbi towerengeka sitibvuta, ndipo kukalika kwa thupi la kunja kulibe kanthu. Coopsa ndi cuku, cimene cimamera pa magalasi m'nyengo ya dzinja ndi kuoneka ngati ulusi wa kangaude, pakuti cimenecico cimafalikira ndi kudya mankhwala a pa galasi. M'mandala akalewo munali mbee.

Anatambasulanso dzanja monga anacitira ku gombe kuja. Timadontho ta kuwala tinali tatikulu ngati njere za nandolo, ndiponso tobulungira bwino. Mkuluyo anati kadontho kakaoneka ka ngodya zinai, m'mbali mwake muli mthunzi, ndiye kuti tizidutswa ta m'kati ndi ta galasi locepa mtengo kapena ndi tocepa msinkhu.

Tsono anaphunzitsa mnyamatayo kulinganiza mandala ndi maso ake, cinthu cimene anthu ambiri sacidziwa. Poyamba munthu apinde kapena atambasule mipope iwiriyo kufikira aone bwalo limodzi lokha. Polumikizira pake payenera kukhala polimba, posakhwepa. Kenaka aphimbe galasi lakutsogolo la kumanja ndi cikhatho, napotoze kawilo ka pakati kufikira diso lamanzere liona bwino. Atatero aphimbe la kumanzere, ndipo osakhudzanso kawilo ka pakati apotoze kamkombero kamene kawirikawiri kamakhala pa galasi la diso lamanja, kufikira nalonso liona bwino. Kamkomberoka kanaikidwa cifukwa maso awiri a munthu salingana mphamvu. Kakalinganizidwa kamodzi, kawilo ka pakati kokha ndiko kagwira nchito masiku onse.

Pofuna kuyesa cirema ca zithunzi ziwiri, mkuluyo anasankha mtanda wa denga la malata la sukulu imene inali capatali. Anauza mnyamatayo kuti auyang'ane, ndipo pang'ono pang'ono atalikitse mandala ku maso ake, maso onse ali cipenyere. Ngati mtandawo uoneka wothyoka, mbali ina pamwamba ina pansi, mandalawo ndi olumala. Mtanda wa sukulu unakhalabe woongoka.

Anayesanso zina. Anayang'ana ngati zinthu za m'mphepete mwa bwalo zioneka bwino monga za pakati. Anayang'ana gulugufe amene anatera pa mtunda wa mapazi atatu kapena anai, pakuti mandala abwino amaonetsanso za pafupi. Mkuluyo, amene masiku ano amabvala mandala a maso, anapinda timphira ta kumbuyo naona bwalo lonse osabvula mandala aowo. Anati wobvala mandala a maso asankhe amene amalola diso kukhala mamilimita 15 kapena kuposa kucokera pa galasi. Anawayesa kulemera pa dzanja. A mtundu umenewu ambiri amalemera magalamu 600 kufikira 800, ndipo munthu wowanyamula tsiku lonse afunika lamba lotambalala kuti lisamceke khosi. Pa thupi pake panalembedwanso kuti salowa madzi. Mandala otere amatsekedwa ndi mphira ndi kudzazidwa mpweya wouma wa nayitrojeni, ndipo ndico cinawapulumutsa ku cuku zaka zonsezo.

Yeso lotsiriza linali la nthawi. Dzuwa litapendeka anapita pa gombe lina lalitali, pamene mbalame zofiira zodya njuci zimakumba mauna ao caka ndi caka m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala. Mkuluyo anati: "Yang'ana osaleka, nthawi yonga yophika nsima. Mutu ukawawa tikawabweze."

Mnyamatayo anayang'ana. Mbalame zimenezi anali kuziona ciyambire ubwana wake, koma tsiku limenelo ndi pamene anaona kuti mutu wake ndi wobiriwira, kuti pa diso padutsa mzere wakuda, ndi kuti pakati pa mcira paturuka nthenga zazitali. Anaona ina itagwira kacirombo pa mlomo, ikukamenyetsa pa nthambi isanakameze. Dzuwa linalowa, ndipo iye anali kuonabe mauna m'gombemo pamene maso okha anali ataleka kuwaona. Nsima ikadapsa kawiri. Mutu sunawawe.

Ndalama zotsala pa kansalu zija sizinakwane. Mkuluyo anagulitsa mbuzi zao ziwiri naonjezapo. Mlongo wao atadandaula kuti awaonongetsa, iwo anayankha kuti mwana wa mlongo ndi mbumba yao, ndipo mbuzi zimaswana.

KUSUNGA NDI KUPENYA

Popereka mandalawo m'manja mwa mnyamatayo, mkuluyo anamuikira malamulo. Lamba likhale m'khosi nthawi zonse, pakuti kugwa kumodzi kungathe kusendeza tizidutswa ta m'kati. Asapukute magalasi ndi malaya, cifukwa fumbi la m'cigwa liri ndi mcenga umene umakala galasi. Ayambe wauzira fumbilo, ndipo pambuyo pake apukute mopepuka ndi kansalu kofewa kosungidwira nchito yomweyo. Asawasiye pa dzuwa m'galimoto. M'dzinja asawatsekere m'cikwama conyowa, koma awaike pouma popita mphepo. Asawamasule kuti aone za m'kati. Ndipo lamulo lalikulu koposa, loyenera kuuza ndi ana omwe: asayang'ane nao dzuwa ngakhale kamphindi, pakuti magalasi amasonkhanitsa kuwala kwake ndi kutentha diso, ndipo khungu lotero liribe mankhwala.

Masabata otsatira awiriwo anali kupita ku gombe pafupifupi madzulo onse. Mkuluyo anamphunzitsa kuti ayambe wapeza cinthu ndi maso okha, ndipo osacotsapo maso akweze mandala kufikira pa nkhope. Anamphunzitsa kuti m'thengo nyama sioneka yathunthu. Cimaoneka ndi khutu logwedezeka, nsonga ya nyanga, kapena mcira wa nyalugwe uli lende pa nthambi. Mnyamatayo akafulumira kunena kuti palibe kanthu, mkuluyo anali kumkumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lina anamsimbira za masiku a nchito yao. M'zaka za m'ma 1980 opha nyama mozemba anasakaza njobvu ndi zipembere m'cigwa ca Luangwa. Alonda anali kukwera pa zitunda m'mamawa ndi kufunafuna ndi mandala kautsi kocokera pa misasa ya anthuwo, kapena miimba yozungulira m'mwamba. Mkuluyo anati cipembere cao cotsiriza anacionera m'mandala a Boma aja, cikumwa madzi pa thamanda, ndipo sanadziwe kuti sadzaonanso cina. M'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti zipembere zakuda zatha m'Zambia. M'caka ca 2003 zisanu zinabwera pa ndeke kucokera ku South Africa ndi kuikidwa m'nkhalango ya North Luangwa, kumene zisungidwa ndi alonda usana ndi usiku. Mnyamatayo sanacionepo cipembere ndi maso ake.

"Ukadzaciona," anatero mkuluyo, "udzabwere undiuze."

NYENGO YA MANGO

M'mwezi wa Novembala mango akapsa m'midzi ya ku Mfuwe, njobvu zimaoloka Luangwa madzulo kudzadya, ndipo nyengo imeneyo anthu amayenda ndi mantha, pakuti kukumana ndi njobvu ya mwana pa njira yopanikiza ndi imfa. Madzulo ena mnyamatayo anakwera pa culu cacikulu ca kumapeto kwa mudzi, monga anazolowera. Dzuwa linali litalowa, ndipo kutsidya kunali kutada. Poyang'ana ndi maso okha panalibe kanthu koma mitengo. Anakweza mandala nayamba kuyenda nao pang'ono pang'ono m'mphepete mwa madzi. Pamenepo anaona khutu likukupiza, kenaka msana, kenaka misana ina, ndi tiana tiwiri pakati. Zinali kutsikira m'madzi pa dooko loyang'anana ndi njira ya ku madimba.

Iye anadziwa kuti amai ena anali asanabwere ku madimbako, ndi kuti mai ake anali pakati pao. Anatuma mwana wa njinga kuti athamange njira ya kumtunda akawauze asadzere ya kumtsinje. Ena anayamba kuomba zitini, ndipo amuna anayatsa ndowe zouma zosakaniza ndi tsabola, zimene utsi wake njobvu zimadana nao. Amaiwo anafika mocedwa, atazungulira, mitolo ya ndiwo iri pamutu. Njobvu zinapatuka usiku umenewo nizikadya mango a pa mudzi wakale wosiyidwa.

Mai a mnyamatayo sananene zambiri. Atatula mtolo wao anapempha kuti awaone mandalawo, amene kufikira tsikulo anali asanawakhudze. Mwana wao anawabveka lamba m'khosi, nawalinganizira, nawalozera ku mwezi umene unali kutuluka. Anayang'ana nthawi yaitali, nati sanadziwe kuti mwezi uli ndi maenje.

Mayeso a otsogolera alendo akali m'tsogolo, ndipo mnyamatayo akali kutsuka magalimoto. Koma m'thumba mwake muli kabuku kamene alembamo mbalame iri yonse imene waizindikira, tsiku lake ndi malo ake, ndipo masamba ake ayamba kudzaza. Mandala ofiira aja anawapacika pa msomali m'nyumba mwake. Anzake awiri amene nawonso afuna nchito yomweyo anabwera kudzafunsa za kagulidwe. Iye anawatenga onse awiri, pamodzi ndi mandala ofiirawo ndi akale aja, napita nao ku gombe dzuwa liri pafupi kulowa, nawauza kuti ayang'ane pansi pa mvunguti.